Mapazi a Moyo pa Thanthwe

Ana inu, pamodzi ndi inu aphunzitsi, makolo athu Achewa amasimba kuti pachiyambi Chauta anatsitsa mwamuna, mkazi ndi nyama pamodzi ndi mvula pa Kaphirintiwa, m'mapiri a Dzalanyama ku Malawi, ndipo mapazi awo anatsala pa thanthwe. Akatswiri a sayansi nawonso akafuna kudziwa chiyambi cha moyo amakafunsa thanthwe, pakuti mwala umasunga zizindikiro za zamoyo zimene zinafa kalekale.

Miyala imatiuza kuti dziko lathu lakhala zaka pafupifupi 4,540 miliyoni. Poyamba linali lotentha ngati ng'anjo. Litazirala, mvula inagwa, nyanja zinadzaza, ndipo m'madzi ndimo moyo unayambira. Zamoyo zoyambazo zinalibe mutu, miyendo kapena mizu. Tinali tinthu tosaoneka ndi maso, tonga mabakiteriya a lero. Ku Pilbara, m'dziko la Australia, kuli miyala ya zaka pafupifupi 3,500 miliyoni imene tinthu timeneti tinaumba pang'onopang'ono, monga momwe chiswe chimakwezera chulu.

Nanga chopanda moyo chinasanduka bwanji chamoyo? Mu 1953, Stanley Miller, wophunzira wa ku Chicago, anatsekera madzi ndi mipweya m'mabotolo a galasi, nathethetsamo moto wa magetsi wonga mphezi. Patapita mlungu umodzi anapezamo zina mwa zinthu zimene zimamanga matupi a zamoyo. Iye sanalenge moyo ayi. Anangoonetsa kuti njerwa zake zikhoza kuumbika zokha. Za mmene njerwazo zinasanjikirana mpaka nyumba kuima, akatswiri akali kufufuza.

Kuti mumvetse kutalika kwa nyengo zimenezi, yerekezani kuti mbiri yonse ya dziko ndiyo msewu wochokera ku Lusaka kudzafika kuno ku Chipata, makilomita pafupifupi 570. Miyala ya ku Pilbara ija mukuipeza mutayenda makilomita 130. Mutaoloka mlatho wa Luangwa ndi kuyendako ndithu, tizamoyo tonga ndere tayamba kudzaza mlengalenga ndi mpweya umene timapumawu. Apo ndi zaka 2,400 miliyoni zapitazo. Mukupitirira Nyimba, Sinda ndi Katete osaona mtengo, nsomba kapena mbalame.

Patangotsala makilomita 32 kuti mulowe m'Chipata, mukukumana ndi nyama zimene zinali kuyenda m'chigwa cha Luangwa zaka 255 miliyoni zapitazo. Mafupa ake, amene anasanduka miyala, amafukulidwa m'chigwamo, ndipo zina mwa nyamazo zinali abale a makolo a nyama zoyamwitsa. Nanga munthu ali kuti? Chigaza cha munthu wamakedzana chimene chinapezeka mu mgodi wa ku Kabwe mu 1921 ndi cha zaka pafupifupi 300,000. Pa msewu wathu uja, munthu ameneyu akutulukira patangotsala mamita 40 okha kuti ulendo uthe.

Aphunzitsi, tulukani ndi ana pabwalo la mpira, muyese mamita 40 amenewo, anawo aone okha kuti safika ngakhale pakati pa bwalo. Ndipo inu ana, mukamatunga madzi padambo kapena mukaona nkhwangwa ikugwetsa mtengo, kumbukirani kuti ndere ndi mitengo zinatitsogolera kufika kuno, ndipo mpweya umene timapuma ndi mphatso yochokera kwa izo. Ife ndife alendo ofika dzulo. Tiyeni tisamale mudzi umene tinaupeza.