Kufufuza popanda kuthyola chitseko

Mu 1939, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ili pakhomo, a BBC anasonkhanitsa anthu odziwa zilankhulo zosiyanasiyana n'kuwapatsa ntchito yooneka ngati yopanda pake: kumvera mawailesi a mayiko ena usana ndi usiku, n'kumalemba zimene amva. Anayambira ku Wood Norton, kufupi ndi Evesham, ndipo mu 1943 anasamukira ku Caversham Park. Dziko la America linatsegula nthambi yake yotere mu 1941, imene pambuyo pake inalowa m'manja mwa CIA. Anthuwa sankaba kalikonse, poti mawu a ku Berlin ankaulutsidwa kuti aliyense amve. Luso linali pozindikira zimene wolengeza wasintha kapena wasiya kutchula. Apa m'pamene ambiri amati panabadwira ntchito imene lero imatchedwa OSINT, yofufuza ndi zinthu zimene zili poyera.

Koma kwa wofufuza za malo ndi nyumba, mbiri imayambira kutali kuposa wailesi. Imayambira pa kaundula. Mu 1086 Mfumu William inatuma anthu kuzungulira England kulemba mwini wa munda uliwonse ndi phindu lake, ndipo m'menemo munatuluka Domesday Book. Mfumuyo inkafuna makamaka msonkho. Mu 1858 Robert Torrens anabweretsa ku South Australia njira yoti boma lizisunga kaundula mmodzi, ndipo amene dzina lake lalembedwamo ndiye mwini malo. England inatsegula ofesi yake ya Land Registry mu 1862. Lamulo lathu la ku Malawi la kalembera wa malo la 1967 linatengera maganizo omwewa, ngakhale kuti malo ambiri akumudzi anapitiriza kusungidwa m'mitu mwa mafumu ndi eni mbumba.

Kukhalapo kwa kaundula ndi nkhani ina, kuloledwa kumuwerenga ndi inanso. Ku England, mpaka mu Disembala 1990, munthu sankatha kuona dzina la mwini nyumba popanda chilolezo cha mwiniwakeyo. Zaka 128 buku lili lotseka! Ine ndimaona kuti tsiku limene linatsegulidwa ndi lalikulu pa ntchitoyi mofanana ndi tsiku limene Google inabadwa, kungoti silitchuka.

Google inabwera mu 1998, ndipo posakhalitsa anthu anatulukira kuti ukaifunsa mochenjera imaulula zambiri. Ukalemba site: umaiuza kuti ifufuze pa webusaiti imodzi yokha, ukalemba filetype:pdf imakubweretsera zikalata zokhazokha, kuphatikizapo zimene ofesi ina inaziika pa intaneti n'kuziiwala. Johnny Long anasonkhanitsa mafunso otere n'kuwatchukitsa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. Mu 2001 kunabwera Wayback Machine, yosunga masamba a pa intaneti monga analili kale, moti wofufuta dzina lake lero amapezeka kuti linalipo chaka chatha. Google Earth inatuluka mu 2005 ndipo Street View mu 2007. Zithunzi za setilaiti, zimene kale zinali za akazitape a maboma akuluakulu okha, zinafika pa kompyuta ya mwana wasukulu.

Kafukufuku wake amayenda chonchi. Mwana wa nduna ya dziko lina waika pa Instagram chithunzi ali pakhonde la nyumba yapamwamba ku London. Sanatchule malo, koma kumbuyo kwake kukuoneka nsanja ya tchalitchi ndi madenga awiri. Wofufuza amasaka nsanjayo pa mapu, n'kuyenda ndi Street View msewu ndi msewu mpaka atapeza khonde la zitsulo zofanana. Akapeza nambala ya nyumba amalipira mapaundi ochepa ku Land Registry n'kulandira chikalata cha umwini. Pachikalatapo pali dzina la kampani. Amapita ku Companies House, ofesi ya kaundula wa makampani, kumene kuyambira 2015 zikalata zimaonedwa kwaulere, kukafufuza mayina a oyendetsa kampaniyo. Nthawi zambiri ulendo unkathera pamenepa, chifukwa kampaniyo inkapezeka kuti inalembetsedwa ku British Virgin Islands, kumene mwini weniweni sankaoneka. Mu 2015 magazini ya Private Eye inagwiritsa ntchito lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma n'kutulutsa mapu a malo a ku England ndi Wales ogulidwa ndi makampani akunja, ndipo anthu anaona ndi maso kukula kwa vutolo.

Amene anaonetsa dziko kuti ntchitoyi siyofunika chitupa cha ukazitape ndi Eliot Higgins wa ku Leicester. Mu 2012, ali pa ulova, anayamba kuonera makanema a nkhondo ya ku Syria pa YouTube n'kumazindikira zida zimene zinkaonekamo. Mu Julaye 2014 anakhazikitsa gulu la Bellingcat, ndipo patangopita masiku ochepa ndege ya MH17 inaomberedwa kum'mawa kwa Ukraine, anthu 298 n'kufa. Gululo linalondola galimoto yonyamula mzinga wa Buk kudzera m'zithunzi zimene anthu wamba anajambula m'misewu, mpaka ku gulu la asilikali la ku Kursk. Mu 2018 a BBC Africa Eye anachita zofanana ndi kanema wa asilikali akupha amayi awiri ndi ana awiri. Boma la Cameroon linali litakana kuti zinachitikira kwawo. Ofufuza anayerekeza mzere wa mapiri a mukanemamo ndi Google Earth n'kupeza malowo kufupi ndi Zelevet, ndipo zithunzithunzi za asilikaliwo pansi zinawathandiza kudziwa nyengo ya chaka. Mu 2020 asilikali anayi analamulidwa kukhala m'ndende zaka khumi.

Pa nkhani ya nyumba, amene anafika nazo patali ndi gulu la Alexei Navalny, wotsutsa boma ku Russia. Ndalama zimadumpha malire m'kanthawi kochepa, koma nyumba siithawa: ili ndi denga looneka kumwamba ndiponso nambala m'kaundula. Iwo ankagula zikalata ku Rosreestr, kaundula wa boma, n'kuulutsa droni pamwamba pa mipanda. Kanema wawo wa 2017 wonena za Dmitry Medvedev, nduna yaikulu pa nthawiyo, anatulutsa anthu m'misewu, ndipo wa Januwale 2021 wonena za nyumba yachifumu ya kufupi ndi Gelendzhik, imene iwo ankati ndi ya Pulezidenti Putin, anaonedwa koposa maulendo 100 miliyoni. Putin anakana kuti nyumbayo si yake.

Eni chuma nawo sanagone. Mu 2016 mayina a ana a Yuri Chaika, mkulu woimira boma pamilandu pa nthawiyo, anasinthidwa m'kaundula wa ku Russia n'kusanduka zilembo ndi manambala opanda tanthauzo, ndipo kuyambira pa 1 Malichi 2023 Rosreestr sauzanso mlendo dzina la mwini nyumba popanda chilolezo chake. Mu Novembala 2022 khothi lalikulu la European Union linagamula kuti kutsegulira aliyense kaundula wa eni makampani enieni kukuphwanya ufulu wa chinsinsi cha munthu, ndipo mayiko angapo, monga Luxembourg ndi Netherlands, anatseka msanga. Oweruzawo sanalankhule zopanda mutu: njira imene imapeza nyumba ya wakatangale imapezanso nyumba ya mayi amene anathawa mwamuna wankhanza. Britain inalowera kwina chaka chomwecho. Russia italowa mu Ukraine, aphungu anakhazikitsa mwachangu lamulo lokakamiza makampani akunja okhala ndi malo m'dzikomo kutchula eni ake, ndipo kaundula wake anatsegulidwa mu Ogasiti 2022. Ofufuza atamuwerenga anapeza kuti m'malo ambiri munalembedwa dzina la trust kapena la kampani yongosungira ena chuma, osati la munthu amene amagona m'nyumbamo.