Zaka 15 za m'ndende zinachokera kuti?

Pa 20 Disembala 2023, kutatsala masiku asanu kuti Khrisimasi ikwane, maepiskopi a Katolika m'Zambia, omwe likulu lawo ndi Kapingila House pa msewu wa Kabulonga, anatulutsa kalata yaifupi. Dzana lake ku Roma kunali kutatuluka chikalata cha Fiducia Supplicans, cholola wansembe kudalitsa anthu awiri okhalira limodzi ngakhale ali amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, bola dalitsolo lisaoneke ngati ukwati. Maepiskopi athu, motsogozedwa ndi Ambuye Ignatius Chama a ku Kasama, anati zimenezo kuno ayi. Anapereka zifukwa zitatu: kupewa kusokoneza akhristu, kulemekeza chikhalidwe chathu, ndi kusaphwanya lamulo la dziko. Chachitatuchi ndicho chili ndi mbiri yaitali, ndipo mbiri yake siyambira m'tchalitchi.

Lamulolo lili m'buku la milandu ndi zilango, Penal Code, kuyambira ndime 155. Bukuli linayamba kugwira ntchito mu 1931, dziko lino likadatchedwa Northern Rhodesia, likulu la boma likadali ku Livingstone. Sanalilembe ndi mafumu athu. Sanalilembenso ndi ansembe a White Fathers amene anafika ku Mambwe Mwela mu 1891, kapena a Jesuit amene anatsegula Chikuni mu 1905. Atsamunda anali ndi buku lachitsanzo limene ankayenda nalo dziko ndi dziko, lotengera kwambiri malamulo omwe Samuel Griffith analembera Queensland ku Australia mu 1899. Mawu a m'ndimeyi oletsa kugonana kosemphana ndi chilengedwe analimo kale mu ndime 377 ya malamulo a India a 1860. Chilango chake kuno chinkalekezera zaka 14. Mu 1964 a Kenneth Kaunda analandira dziko, nalandiranso bukulo momwe linalili.

Chimene ambiri a ife sitinauzidwe n'chakuti kwawo kwa eni lamulolo, Akatolika anali m'gulu la oyamba kunena kuti lichotsedwe. Boma la Britain litaika komiti ya John Wolfenden kuti iunike nkhaniyi, Kadinala Bernard Griffin wa ku Westminster anaikanso komiti yakeyake ya ansembe ndi akatswiri achikatolika. Lipoti lawo la 1956 silinafewetse chiphunzitso m'pang'ono pomwe. Linati mchitidwewu ndi tchimo lalikulu. Koma linapitiriza kunena kuti si ntchito ya boma kulanga tchimo lililonse, ndipo zochitika kuchipinda pakati pa akuluakulu ogwirizana zisakhale mlandu. Lamulo ligwire wochimwira ana, wokakamiza mnzake ndi wochita zolaula pagulu. Maganizo amenewa sanali achilendo mu mpingo. Thomas Aquinas woyera anaphunzitsa zaka pafupifupi 700 m'mbuyomo kuti lamulo la anthu sililetsa zoipa zonse, koma makamaka zimene zimapweteka ena ndi kupasula mudzi. Ifenso timadziwa zimenezi pa chigololo: wansembe amachidzudzula pa guwa, khoti la m'dera lingalipiritse munthu, koma palibe amapita kundende ya Mukobeko chifukwa cha icho. England inachotsa mlanduwu mu 1967, ife titadzilamulira kale zaka zitatu.

Kwa zaka zambiri ndimezi zinangogona m'buku. Zinthu zinayamba kusintha a Frederick Chiluba atalengeza pa 29 Disembala 1991 ku State House kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, mawu amene analowa m'chiyambi cha malamulo oyendetsera dziko mu 1996. Maepiskopi a Katolika sanaombe m'manja. Anadandaula kuti mipingo sinafunsidwe, ndipo akhala akunena kuti chikhristu cha dziko chimaoneka ndi ntchito zake. Komabe chilengezocho ndicho chinasanduka chida chachikulu pa mkangano uno. Mu 1998 mnyamata wina anaulula m'nyuzipepala ya The Post kuti amakonda amuna anzake, ndipo iye ndi anzake anafuna kulembetsa bungwe lotchedwa LEGATRA. Boma linakana, nduna zikuopseza kuti aliyense wolimbikitsa zimenezi amangidwa. Mu 2005, nthawi ya a Levy Mwanawasa, aphungu ku Manda Hill anakhwimitsa zilango za milandu ya kugonana, maso awo ali makamaka pa ogwiririra ana. Ndime 155 inakwera nawo: zaka 14 zimene zinali denga zinasanduka zaka 15 zoyambira, mpaka moyo wonse.

Za ukwati weniweniwo, mpingo sunasinthepo mawu. Mu 2003 ofesi ya chiphunzitso ku Vatican, pansi pa Kadinala Joseph Ratzinger, inalemba kuti phungu wachikatolika ayenera kutsutsa poyera ndi kuvotera motsutsa lamulo lililonse lovomereza maukwati otere. Maziko ake ndi akuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, wotsekukira ku kubereka ndi kulera ana, ndipo boma silinaupange, linangoupeza. South Africa inavomereza maukwati otere mu 2006. Chaka chotsatira lamulo lathu la milandu ya m'banja, Matrimonial Causes Act, linaika ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha m'gulu la maukwati osawerengedwa n'komwe. Khomo limenelo ndi lotseka, ndipo palibe chipani chachikulu chimene chinayesapo kuligogoda.

Nanga phokoso limachokera kuti? Kawirikawiri limabwera ndi masankho kapena ndi mlendo. Mu 2011 a chipani cha MMD anapaka a Michael Sata, Mkatolika wa ku St Ignatius ku Rhodes Park, kuti akapambana adzalola maukwatiwa. Anapambana, ndipo palibe chinasintha. Mu Febuluwale 2012 a Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations pa nthawiyo, anauza aphungu athu kuti ufulu usasankhe munthu chifukwa cha yemwe amamukonda. Mneneri wa maepiskopi pa nthawiyo, Bambo Paul Samasumo, anakumbutsa mbali zonse ziwiri za Katekisimu: mchitidwewo ndi wolakwika, koma anthuwo ayenera ulemu, osati nkhanza. Mu 2013 a Paul Kasonkomona anamangidwa akungotuluka ku Muvi TV kumene analankhula zoti lamuloli lichotsedwe, ndipo khoti linawapeza osalakwa mu 2014. Pa referendamu ya 11 Ogasiti 2016, ndime yonena kuti munthu akwatire kapena kukwatiwa ndi wosiyana naye chibadwidwe inali m'gulu la maufulu atsopano omwe anagwa chifukwa mavoti sanafike pa chiwerengero chofunika.

Kenako kunabwera mlandu wa ku Kapiri Mposhi. Mu Novembala 2019 amuna awiri anagamulidwa zaka 15 aliyense chifukwa chogonana okhaokha. Kazembe wa America, Daniel Foote, amene ofesi yake inali kumapeto kwa msewu womwewo wa Kabulonga, anadzudzula chigamulocho mwaukali, Pulezidenti Edgar Lungu anati sakumufunanso, ndipo pofika Khrisimasi boma la America linali litamuitana. Mu Meyi 2020 a Lungu omwewo anakhululukira amuna awiriwo pamodzi ndi akaidi ena pafupifupi 3,000 pokumbukira tsiku la ufulu wa Africa. Ineyo ndimaona kuti chikhululukirocho chinaulula zimene ambiri amanena chamumtima, zoti zaka 15 zinachuluka.

Mu Seputembala 2022, patapita miyezi ingapo akazembe a Sweden ndi Finland atakweza mbendera za utawaleza, Ambuye Alick Banda a Lusaka analembera akhristu awo kalata yodandaula kuti boma ndi apolisi akulekerera zogonana amuna kapena akazi okhaokha. Akhristu ambiri, kuyambira ku Chunga mpaka ku Chelstone ndi Kabwata, anati apo m'busa walankhula. Koma mu Januwale 2023 Papa Francis anauza atolankhani a Associated Press kuti kukhala wokonda amuna kapena akazi anzako si mlandu, ndipo malamulo omanga anthu otere ndi osalungama. Sanayambe ndi iwo: nthumwi za Vatican zinapempha kale maiko ku United Nations mu 2008 kuti achotse zilango zoterezi, Benedict XVI ali Papa.

Anansi athu agawikana. Khoti la ku Malawi linasunga lamulo lawo mu Juni 2024, patatha pafupifupi chaka kuchokera pamene Ambuye Thomas Msusa anatsogolera zionetsero za mipingo ku Blantyre. Mozambique inachotsa mlanduwu mu 2015, ndipo khoti la ku Botswana linatero mu 2019. M'maiko awiriwa simunakhazikitsidwe ukwati wa amuna kapena akazi okhaokha pamene mlanduwu unachotsedwa, ndiye zoti ndende ikatseguka ukwati ulowera pomwepo si zimene zaoneka kufupi kuno.

Pa ukwati maepiskopi athu ali ndi Roma, lamulo la dziko ndi anthu ambiri kumbuyo kwawo, ndipo ayankhula momveka. Pa ndende ndipo pafunika kalata yakeyake. Ambuye athu, tiuzeni mosapita m'mbali ngati mpingo wa m'Zambia ukuona kuti zaka 15 za pa ndime 155 n'zolungama kwa akuluakulu awiri amene sanakakamize munthu.