Kompyuta ili ku ofesi, ife tili kunyumba: mbili ya kuloŵela patali

Ambili a ife tinadziŵa AnyDesk na TeamViewer mu 2020. Covid-19 itafika mu Zambia mu March caka cimeneco, maofesi ena anauza anchito kuti aziseŵenzela kunyumba. Koma mafaelo a maakaunti na pulogilamu ya malipilo zinatsala pa kompyuta ya ku ofesi. Wa IT anali kutiuza cimodzi pa ziŵili: "Ikani pulogilamu iyi pa laputopu yanu," kapena "Tsegulani cabe linki iyi mu Chrome." Tinali kuona monga ni zatsopano, koma mkangano wa njila ziŵilizi unayamba ambili a ife tisanabadwe.

M'zaka za m'ma 1970, kampani yaikulu inali kukhala na kompyuta imodzi yodzaza cipinda. Anchito anali kuifikila kupitila mu ma terminal, kutanthauza sikilini na kiibodi cabe, monga IBM 3270 ya mu 1971 na VT100 ya mu 1978. Zonse zinali kusungidwa pamalo amodzi, ndipo terminal ikawonongeka palibe faelo imene inali kusoŵa. IBM itatulutsa PC yake mu 1981, mafaelo anayamba kumwazikana pa madesiki. Apa m'pamene panabadwila funso limene tikali nalo: ngati nili kutali, ningafike bwanji pa kompyuta yanga?

Yankho loyamba linali kuika pulogilamu mbali zonse ziŵili. M'zaka za m'ma 1980, mapulogilamu monga pcAnywhere anali kuimbila kompyuta ya ku ofesi pa foni ya waya kupitila mu modemu. Kampani ya Citrix, imene inayamba mu 1989, inatulutsa WinFrame mu 1995, ndipo anthu ambili anayamba kuseŵenzela pa seva imodzi ya Windows panthawi imodzi. Mu 1998 Microsoft inabweletsa RDP mu Windows NT 4.0 Terminal Server Edition, ndipo mu 2001 inaiika mu Windows XP Professional. Mu 1998 mwenimo, akatswili a ku Cambridge ku England anapeleka VNC kwaulele. Kaseŵenzedwe kake n'kofanana: kompyuta ya ku ofesi imatumiza zimene zasintha pa sikilini, ndipo yathu imabweza zimene tadinda pa kiibodi na pa mausi. Nchito yeniyeni imacitikila ku ofesi.

Vuto la njila iyi analimva ni a IT. Kompyuta iliyonse inafunika kuikidwa pulogilamu, kenako kuikonzanso nthawi zonse pakatuluka yatsopano. Bwana akakhala pa ulendo n'kuloŵa mu internet café, sanali kuloledwa kuika ciliconse pa makina a eni ake. Ndiye anthu anayamba kuyang'ana kwa browser, cifukwa inali kale pa kompyuta iliyonse. VNC inali na kapulogilamu ka Java kotseguka mu browser, ndipo Microsoft inali na kake ka ActiveX kamene kanali kuseŵenza mu Internet Explorer cabe. Kunena zoona, uku kunali kuika pulogilamu ndithu, kungoti inali kubisala mkati mwa browser. Mapulagini amenewa anali na ziboo zambili zoloŵelapo akuba, ndipo mu 2015 Chrome inaleka kulola Java na mapulagini ena a mtundu umenewo.

Browser inakwanitsa kuimilila payokha pamene HTML5 inabweletsa njila yojambulila zithunzi pa peji, komanso WebSocket, imene inakhazikitsidwa mu 2011, inalola peji na seva kukambilana mosalekeza. Mapulogilamu aulele monga Guacamole na noVNC anamangidwa pa zimenezi, ndipo Microsoft na Citrix naonso anapanga zawo. Apa kampani imaika seva imodzi pa geti. Mkati, seva imeneyo imakamba RDP kapena VNC na makompyuta a ku ofesi. Kunja, imangooneka monga peji ya pa intaneti yofuna dzina na pasiwedi. Wa IT akakonza geti imodzi, wakonzela onse.

Nanga n'cifukwa ciani pulogilamu yoika siinafe? Cifukwa browser anaipanga dala kuti isamagwile zinthu za pa kompyuta mwacisawawa. Pulinta ya malisiti, sikana, fulashi na masikilini aŵili zimamvana bwino na pulogilamu yoika. Mu browser, ukadinda Ctrl na W kuti utseke faelo ya ku ofesi, ungapeze kuti watseka peji yonse. Netiweki ikayamba kuvuta, pulogilamu yoika kambili imalimbikilako. Koma pali cimodzi cimene njila zonse ziŵili sizingakonze, ndipo tinaciona bwino mu 2024 madzi atacepa ku Kariba: malaiti akapita ku ofesi ndipo kulibe jenaleta kapena sola, kompyuta imene tifuna kuloŵamo imakhala yozima.

Pa nkhani ya citetezo, mbali iliyonse ili na zipsela zake. Mu May 2019 kunadziŵika ciboo ca BlueKeep mu RDP, cimene cikanalola munthu kuloŵa mu makompyuta akale a Windows popanda pasiwedi. Cinali coopsa cakuti Microsoft inakonzanso Windows XP, imene inali italeka kuisamalila mu 2014. Mu February 2024, AnyDesk inalengeza kuti akuba analoŵa m'maseva ake, ndipo inafafaniza mapasiwedi a makasitomala a pa webusaiti yake. Mwezi umodzimodziwo, kampani ya Change Healthcare ku America inagwidwa na akuba amene anatseka mafaelo ake, ndipo malipilo a zipatala na mafamasi ambili anaima. Amene panthawiyo anali mkulu wa kampani imene ni mwini wake, Andrew Witty, anauza nyumba ya malamulo ya dzikolo kuti akubawo analoŵela pa geti ya Citrix na pasiwedi yobedwa, pa akaunti imene inalibe citsimikizo caciŵili. Palinso acinyengo amene amaimba foni n'kudzicha a ku banki, n'kukuuza kuti uike pulogilamu ndiponso uwaŵelengele nambala imene yaoneka. Apo pulogilamu ilibe mlandu, mwini nyumba ndiye wapeleka kiyi.

Tikayang'ana zaka zonsezi, tiona kuti katundu sanathe, anangosamuka. Pa pulogilamu yoika, nchito yolonda ili pa kompyuta iliyonse. Pa browser, yonse yaunjikana pa geti imodzi, ndipo geti imeneyo ikathyoledwa, ofesi yonse yatseguka.

Conco bwana wa shopu ku Kamwala kapena wa ofesi mu Cairo Road akatifunsa kuti njila yabwino ni iti, tisathamangile kuchula dzina la pulogilamu. Tiyambe tafunsa: adzaloŵa ndani, pa makina a ndani, kukacita ciani? Wa maakaunti amene aseŵenza tsiku lililonse pa laputopu ya kampani ndipo afunika kupulinta, timuikile pulogilamu. Munthu wa kontilakiti wa milungu iŵili, amene ali na laputopu yake, timupatse linki ya browser, ndipo tiletse kukopela mafaelo. Kwa onse aŵili, RDP tisaisiye poyela pa intaneti pa port 3389, tiike nambala yotsimikizila ya pa foni pamwamba pa pasiwedi, ndipo tizikonza mapulogilamu pa nthawi yake. Ndipo wanchito akacoka, akaunti yake tiitseke tsiku lomwelo limene wabweza makiyi a ofesi, cifukwa mkati muja muli malipilo a anzathu na manambala a makasitomala amene anatidalila.