Opaleshoni ya kuthyoka kwa m'chiuno kwa okalamba

Kuthyoka kwa m'chiuno ndi kuthyoka kwa fupa la ntchafu chakumtunda, pafupi ndi pamene limalumikizana ndi chiuno. Vutoli limagwera kwambiri okalamba, makamaka amayi, chifukwa mafupa awo amakhala atafooka. Wodwala akagona nthawi yaitali amatha kudwala chibayo, kutuluka zilonda kapena kuundana magazi m'mitsempha. N'chifukwa chake bungwe la NICE ku England limalangiza kuti opaleshoni ichitike tsiku lomwe wodwala wagonekedwa kapena mawa lake.

Mitundu ya opaleshoni

Fupa la ntchafu lili ndi mutu wobulungira umene umalowa m'chiuno, ndipo magazi amafika kumutuko kudzera pakhosi pa fupalo. Njira imene madokotala amasankha imadalira malo amene pathyoka.

Ngati pathyoka pakhosi koma zidutswa sizinasunthe, amazimanga ndi masikuluwu. Zikasuntha, mutu umatha kufa posowa magazi, choncho amauchotsa n'kuikapo wachitsulo. Kwa munthu amene ankayenda yekha bwinobwino, amatha kusinthanso chibowo chimene mutuwo umalowamo. Njira imeneyi inatchuka ndi John Charnley wa ku England m'zaka za m'ma 1960. Imakhalitsa, koma opaleshoni yake ndi yaikulu ndipo mutu umaguluka mosavuta kusiyana ndi njira inayo.

Ngati pathyoka m'munsi mwa khosi, magazi amayendabe bwino ndipo fupa limatha kugwirana. Apa amaika chitsulo chambali chokhala ndi sikuluwu yaikulu, kapena amalowetsa msomali wachitsulo m'kati mwa fupa.

Pa njira zonsezi, wodwala amalimbikitsidwa kudzuka ndi kuyamba kuyenda tsiku lotsatira.