Pot odds

Pot odds ndi chiwerengero cha pamasewera a njuga a poker choyerekeza ndalama zomwe zili pakati pa tebulo ndi zomwe wosewera ayenera kuponya kuti asatuluke m'masewerawo.

Kawerengedwe: ndalama zoti aponye zimagawidwa ndi ndalama zonse zomwe zidzakhale pakati iye akaponya. Pakati pakakhala madola 100, mnzake n'kubetcha 100, iye aponya 100 pa 300, choncho ayenera kupambana koposa 33 peresenti ya nthawi zotere. Kubetcha kwa theka la ndalama za pakati kumafuna 25 peresenti. Kubetcha kowirikiza kawiri ndalamazo kumafuna 40 peresenti.

Ntchito yake: mwayi wopambana ukaposa chiwerengerochi, wosewera amaponya, zomwe zimatchedwa call, ukachepa, amataya makhadi ake, ndiye fold. Mu Texas Hold'em, mtundu wina wa poker, wosowa khadi limodzi kuti akwanitse flush (makhadi a chizindikiro chofanana), kutatsala khadi lomaliza, ali ndi makhadi 9 omuthandiza mwa 46 osaoneka, pafupifupi 20 peresenti, motero kubetcha kwakukulu sikumuyenera.

Mawu ogwirizana: implied odds, ndalama zomwe angadzapate pambuyo pake, bluff, kubetcha kongoopseza ndi makhadi ofooka.