Mafunso ndi Mayankho: Mpatuliro Womwe Unapulumutsa Agogo

Funso: Mwana wanga wa Fomu 2 wabwera kunyumba akuseka, akuti aphunzitsi a Chingerezi anena kuti mpatuliro ukhoza kupulumutsa moyo wa munthu. Kodi zili ndi mutu zimenezi? Nanga timadontho ndi timizere timeneti anatiyambitsa ndani? — *Mayi wa ku Zomba*

Yankho: Aphunzitsiwo sananame, mayi. Mukalemba kuti "Let's eat, Grandma", mukuitanira agogo ku chakudya. Mukachotsa mpatulirowo n'kulemba "Let's eat Grandma", agogo ndiwo asanduka ndiwo. Nthabwalayi imagwiranso m'Chichewa: "Tiyeni tidye, agogo" ndi mawu a mdzukulu waulemu, koma "Tiyeni tidye agogo" ndi nkhani ya kupolisi.

Agiriki ndi Aroma akale analibe zizindikiro zimenezi. Ankalemba zilembo mondondozana popanda mpata, ngatimmenendalemberapanomu, ndipo wowerenga ankadzipezera yekha pomwe liwu lathera. Kuwerenga nthawi imeneyo kunali kowerengera anthu mokweza, choncho munthu ankayamba wayeserera payekha kuti asakachite manyazi pagulu. Zaka pafupifupi 200 Yesu asanabadwe, Aristophanes wa ku Byzantium, yemwe ankayang'anira laibulale yotchuka ya ku Alexandria, anaganiza zoika dontho m'mizeremo: pamwamba, pakati kapena pansi, malinga ndi kutalika kwa mpumulo womwe wowerenga afunika. Madonthowo sanali malamulo a galamala ayi. Ankangouza munthu poti apumire.

Mipata ya pakati pa mawu inafala mochedwa, m'zaka za m'ma 600 ndi 700, ndipo amene anailimbikitsa kwambiri anali amonke a ku Ireland. Chilatini sichinali chiyankhulo chawo, ndiye pokopera mabuku ankalekanitsa mawu kuti asasochere. Mpatuliro wokhala ndi kamchira womwe tikuudziwa lerowu unakhazikika ndi makina osindikizira, makamaka kwa Aldus Manutius wa ku Venice m'zaka za m'ma 1490.

N'chifukwa chake ndimati mphunzitsi amene amayamba ndi nthabwala ya agogo akuchita bwino kuposa amene amayamba ndi kuloweza malamulo. Mwana akaseka, ndiye kuti khutu lake lamva kusiyanako, ndipo kumva ndi kumene zizindikirozi zinayambira. Victor Borge, katswiri wa piyano ndi nthabwala wochokera ku Denmark, anatchuka ndi sewero lowerenga nkhani kwinaku akuliza ndi pakamwa chizindikiro chilichonse: mpumiro phokoso lake, mfunsiro phokoso lake. Anthu ankaseka mpaka misozi.

Funso: Ndinaona buku la galamala lokhala ndi chithunzi cha chimbalangondo cha panda pachikuto. Panda ndi galamala zikumana pati? — *Mphunzitsi wa ku Chipata*

Yankho: Mwaona buku la Lynne Truss, *Eats, Shoots & Leaves*, lomwe linatuluka ku Britain mu 2003 n'kugulidwa ngati chimanga m'chaka cha njala, chinthu chachilendo kwa buku la zizindikiro za m'kalembedwe. Mutu wake unachokera ku nthabwala yakale. Panda analowa m'lesitilanti, n'kudya, n'kuwombera mfuti m'mwamba, n'kumapita. Atamufunsa chifukwa chake, anaonetsa buku la zinyama lomwe linamufotokoza ndi mawu akuti "eats, shoots and leaves". M'Chingerezi liwu lakuti *shoots* limatanthauza mphukira komanso kuwombera, ndipo *leaves* ndi masamba komanso kuchoka. Wolemba buku la zinyamalo ankafuna kunena kuti panda amadya mphukira ndi masamba, koma mpatuliro umodzi wolowerera unasandutsa chakudya kukhala chiwembu.

Musaganize kuti izi zimathera pa kuseka, aphunzitsi. Ku Maine, m'dziko la America, madalaivala a kampani ya mkaka ya Oakhurst Dairy anaikokera kukhoti pa nkhani ya malipiro a ovataimu. Lamulo la kumeneko linandandalika ntchito zomwe sizilandira ovataimu, ndipo kumapeto kwa mndandandawo kunali mawu akuti "packing for shipment or distribution", popanda mpatuliro patsogolo pa *or*. Kampani inati ntchitozo ndi ziwiri, kulongedza ndi kugawa katundu, choncho madalaivala alimo. Madalaivala anati ayi, ndi ntchito imodzi, yolongedza katundu woti atumizidwe kapena agawidwe, ndipo iwo salongedza, amangoyendetsa. Mu 2017 khoti la apilo linati lamulolo likumveka pawiri, n'kukomera madalaivala. Mu 2018 kampaniyo inavomera kulipira madola 5 miliyoni. Mpatuliro wosowawo ndi womwe amautcha wa Oxford, chifukwa osindikiza mabuku a Oxford University Press amaukonda. Nyuzipepala zambiri za ku Britain siziugwiritsa ntchito, ndipo sizikulakwa. Ine ndimauika pokhapokha ndikaona kuti popanda iwo chiganizo chikhala ndi mitu iwiri.

Funso: Nkhodolero imandizunguza. Ndilembe *its* kapena *it's*? — *Wophunzira wa ku Blantyre*

Yankho: Usadandaule mwanawe, eni chiyankhulo nawonso imawazunguza. Ogulitsa ndiwo zamasamba ndi zipatso ku England amalemba *apple's* ndi *banana's* pa zikwangwani zawo kawirikawiri, mwakuti cholakwikachi anachipatsa dzina lawo.

Nkhodolero inalowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa m'zaka za m'ma 1500, ndipo ntchito yake inali imodzi: kusonyeza pomwe chilembo chasiyidwa. Ndi ntchito yomwe imagwira kwathu kuno tikamalemba *m'nyumba* m'malo mwa *mu nyumba*. Pambuyo pake Angerezi anaisenzetsa katundu wina wosonyeza umwini, monga mu *the dog's tail*, ndipo chisokonezo chinayambira pamenepo. Pa funso lakoli, yesa kulitambasula liwulo. Ngati *it is* kapena *it has* ikumveka bwino pamalopo, ika nkhodolero. Ngati siikumveka, lemba *its*.

Mu 2001 John Richards, mtolankhani wopuma wa ku Boston m'chigawo cha Lincolnshire, anayambitsa bungwe loteteza kachizindikiro kameneka, Apostrophe Protection Society, ndipo ankalembera makalata aulemu eni masitolo olemba molakwika. Chaka chomwecho anamupatsa mphoto ya Ig Nobel, yomwe imapita kwa ochita zinthu zoseketsa koma zopatsa maganizo. Mu 2019, ali ndi zaka 96, analengeza kuti akulitseka bungwelo chifukwa umbuli ndi ulesi zamugonjetsa. Patapita zaka zochepa, ena analidzutsanso.