Munda wa Morrow: Ndime ya Chimanga Yomwe Idaweruza Mlandu wa Nthaka

M'chigawo cha Illinois, m'dziko la Amereka, muli nthaka yakuda bii, yakuya ndiponso yachonde. Azungu amene adafika kumeneko m'zaka za m'ma 1800 ataona m'mene chimanga chinkaberekera popanda manyowa, ambiri a iwo adakhulupirira kuti nthaka yotere singagugenso mpaka kalekale. Koma aphunzitsi a zaulimi pasukulu yaukachenjede ya mumzinda wa Urbana, yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 1867, sadakhutire ndi chikhulupiriro chimenechi. Iwo adafuna kuti nthakayo idziyankhire yokha.

Motero m'chaka cha 1876 mphunzitsi wina dzina lake Manly Miles adapima ndime khumi pafupi ndi nyumba zophunziriramo, ndime iliyonse theka la ekala. Amene adalimbikira kupitiriza ntchitoyi adali George Morrow, ndipo ndi chifukwa chake mundawo umadziwika ndi dzina lake. Dongosolo lake lidali losavuta kumva. M'ndime ina ankabzalamo chimanga chokhachokha chaka ndi chaka. M'ndime ina chimanga chinkasinthana ndi oats, mbewu yofanana ndi tirigu. M'ndime inanso ankaonjezerapo clover, chomera cha m'gulu la nyemba chimene mizu yake imasunga tizilombo tokoka nayitirojeni kuchokera mumpweya. Kenaka padangotsala kukolola, kuyeza pasikelo, kulemba m'buku ndi kudikira. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kudekhako si onse adali nako. Sukuluyo itayamba kukula, ndime zina zidalandidwa kuti pamangidwe nyumba yoonera nyenyezi, zina zidasanduka kapinga, kufikira padangotsala ndime zitatu, nazonso zochepetsedwa. Komabe zitatuzo zidakwanira kupereka umboni. Zokolola za m'ndime ya chimanga chokhachokha zinkatsika pang'onopang'ono, pamene ndime ya kasinthasintha wokhala ndi clover inkabereka koposa zinzake.

Umboni umenewu udafunika kwambiri m'chaka cha 1903, pamene Milton Whitney, mkulu wa nthambi ya boma yoona za nthaka, adafalitsa chikalata chonena kuti pafupifupi nthaka iliyonse ili ndi chakudya cha mbewu chokwanira, ndipo kuti chakudyacho sichidzatha. Mawu otere, ochokera kuboma, adali okoma m'makutu a mlimi, pakuti ndani safuna kumva kuti nkhokwe yake njosaphwa? Amene adatsutsa mwamphamvu adali Cyril Hopkins, katswiri wa zanthaka wa pa Urbana pomwepo. Iye adati thumba lililonse la chimanga lotuluka m'munda limanyamula gawo la chonde cha mundawo, ndipo wosabwezera adzasiyira ana ake tsala. Mkanganowu sudali wa m'kalasi chabe, popeza alimi zikwizikwi ankayembekeza kumva ngati kudali koyenera kutaya ndalama zawo posamala nthaka.

M'chaka cha 1904 ndime iliyonse idagawidwa pakati. Mbali imodzi idasiyidwa chomwecho, ina idayamba kulandira manyowa a m'khola, laimu ndi fosifolasi. Kusiyana kwake kudaonekera poyera: kothiridwako mapesi adanenepa ndipo zokolola zidakwera, makamaka kumene kunkalimidwanso clover. Apa Hopkins adapambana. Komatu nayenso adali ndi liuma lake. Iye sankafuna kuti alimi azigula feteleza wa nayitirojeni, ponena kuti nchopanda nzeru kulipira chinthu chimene mbewu za mtundu wa nyemba zimatapa mumpweya kwaulere. Adamwalira m'chaka cha 1919, asadaone nthawi imene feteleza wotereyu adatsika mtengo ndi kufala ponseponse itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Feteleza wa m'fakitale wokhala ndi nayitirojeni, fosifolasi ndi potaziyamu adalowa m'munda wa Morrow m'chaka cha 1955. Adamuthira ngakhale pachigawo china cha ndime yotopa ija, imene idakhala ikubereka chimanga kwa zaka pafupifupi 80 osalawako kanthu. Zokolola zidalumpha nthawi yomweyo, ndipo anthu adaona kuti nthaka yoguga ingathe kudzutsidwa. Koma mabuku a zokolola a zaka zotsatira adaulula chinthu china chimene wogulitsa feteleza sangachikonde: ngakhale ndimeyo idadya feteleza wochuluka, sidafikepo pa ndime zimene zidasamalidwa ndi manyowa ndi kasinthasintha kuyambira kale. Nkhani imeneyi si yachilendo kwa mlimi wa ku Lilongwe kapena ku Chipata amene munda wake sudaonepo mbewu ina koma chimanga, pamene mnzake amasinthanitsa ndi mtedza kapena nandolo.

Mundawu udafika polemekezeka kotero kuti m'chaka cha 1968 boma la Amereka lidauika m'gulu la malo osungidwa chifukwa cha mbiri yawo. Laibulale imene inkamangidwa pambali pake m'zaka zomwezo adaikumbira pansi, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene zimatchulidwa n'chakuti nyumba yaitali ikadatchinga dzuwa la chimanga.

Ngakhale zili choncho, mlandu wa nthaka sudatheretu. M'chaka cha 2007 akatswiri ena a pasukulu yomweyo, kuphatikizapo Saeed Khan ndi Richard Mulvaney, atayeza dothi la m'ndimezo adalengeza kuti feteleza wa nayitirojeni wochuluka amafulumizitsa kutha kwa zoolerana zimene zimadetsa ndi kufewetsa nthaka. Akatswiri anzawo, ena mwa iwo a ku Rothamsted ku England kumene kuli minda yoyeserera yakale koposa ya Morrow, adatsutsa m'mene adatanthauzira manambalawo, ponena kuti zoolerana zinkatha kale chifukwa cha kulima ndi khasu la pulawo chaka ndi chaka.